Galu Woluma Ana Achoke Pakhomo, Koma Asatayidwe Pamsewu

Alipo anthu, ndipo si owerengeka, amene poona nkhani ya galu m'nyuzipepala adzapukusa mutu ndi kunena kuti alembi asowa cholemba, popeza m'dziko muli nkhani zikuluzikulu za mtengo wa feteleza, za mvula yosadalirika ndi za misika ya chimanga. Koma iye amene anakhalapo pabwalo la nyakwawa tsiku la mlandu wa mwana wolumidwa ndi galu wa mnansi, naona mayi atagwira nsanza yamagazi, mwini galu atazolika, ndi mabanja awiri amene dzulo lake anali kupalana moto atakhala motalikirana, ameneyo adziwa kuti nkhaniyi si yaing'ono. Chimene ndifuna kunena kwa anthu a dziko la Kalindawalo, a ku Petauke ndi a ku Nyimba pamodzi, ndi ichi: galu amene waonetsa kuti sangakhale pakati pa ana ayenera kuchoka pakhomo, angakhale ali mlonda wokhulupirika chotani, ndipo pa kachotsedwe kakeko ndi pamene ambiri a ife tichimwira galuyo ndi anansi athu omwe.

Ndiyambe ndi kumpatsa galu ulemu wake, pakuti sindili m'gulu la iwo amene amuyesa chinthu chongoponyera miyala. Kuyambira ku midzi ya kwa Mumbi ndi kwa Mwanjawanthu kufikira ku zigwa za kwa Luembe, kwa Nyalugwe ndi kwa Mwape, kumene minda iyandikana ndi thengo la Luangwa, galu ndi wantchito wosalandira malipiro: ndiye agona pansi pa nkhokwe usiku wonse mwini chimanga ali m'tulo, ndiye adzutsa mudzi fisi akayandikira khola la mbuzi, ndiye apirikitsa anyani ndi nguluwe m'munda chimanga chikayamba kukhwima, ndipo kukacha umuona akutsata ngolo ya thonje, lilime lili panja, osadandaula za kutalika kwa njira. Makolo athu anapita naye ku uzimba nampatsa gawo lake la nyama. Anamutchanso maina okuluwika, kuti pomuitana madzulo mnansi wamiseche amve yekha chimene chikunenedwa. Chotero mwamuna amene akanika kulekana ndi galu amene anamlera kuyambira ali kamwana kosapenya tisamseke, pakuti pali pangano pakati pa iye ndi nyamayo, ndipo munthu wosamva chisoni pothetsa pangano lotere sangakhale wachifundo pa zinthu zinanso.

Koma panganolo lili ndi malire, ndipo malire ake ndi mwana. M'midzi mwathu mulibe malinga a njerwa olekanitsa khomo ndi khomo linzake. Mwana adzuka kwa amake, nakadya phala kwa agogo, nakasewera kuseri kwa nyumba ya azakhali, ndipo dzuwa likapendeka mkulu wake atumidwa kukapempha mchere kwa mnansi. Amene adzitchinjiriza ndi mawu akuti, "Galu wanga saluma a pakhomo, ana anga awadziwa," sanayankhe kanthu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pabwalo pako papita ana a mudzi wonse. Tikumbukirenso kuti pakati pa Ansenga, monga pakati pa Achewa, ana atsata mtundu wa mayi, ndipo mwamuna kawirikawiri akhala pachikamwini: galu ndi wa mkamwini, koma ana okwawa pabwalopo ndi mbumba ya eni mudzi. Apongozi, amene mwambo suwalola kukangana naye maso ndi maso, adzatuma mwana wawo kuti akanene mofatsa usiku, "Bambo ake, amayi akuti galu uja maso ake sawakondweretsa ana akamadya." Mwamuna wanzeru amva pomwepo, podziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi, wouma mutu adikira kufikira amalume a anawo atabwera ndi ankhoswe, ndipo pamenepo mlandu suli wa galu yekha, ukwati womwe wagwedezeka.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'buku la Eksodo, mutu 21, muli lamulo la ng'ombe yogunda anthu, ndipo lisiyanitsa bwino milandu iwiri: ng'ombe ikapha munthu mwini wake asanadziwe khalidwe lake, ng'ombeyo ifa koma mwiniyo amasulidwa, koma ngati inali yogunda kale, mwini wake nachenjezedwa, osaitsekera, mlandu wa mwazi ukhala pamutu pake, ndipo lamulolo litchula ndithu mwana wamwamuna ndi mwana wamkazi kuti wina asayese kuti moyo wa mwana ndi wotsika mtengo. Chimene chitsutsa mwini chiweto ndi kudziwa kwake. Tsiku limene galu wako aonetsa mano kwa mwana, iwe uli kupenya, tsiku lomwelo waleka kukhala munthu wogweredwa tsoka, wasanduka munthu wochenjezedwa. Boma nalo silinasiye nkhaniyi m'manja mwa mwini yekha, pakuti lamulo la Control of Dogs Act, mutu 247 wa malamulo a Zambia, limene linayamba m'masiku a Northern Rhodesia, lifuna kuti agalu alembetsedwe ndi kubayidwa katemera wa chiwewe; ndipo ndi angati a ife m'midzi muno amene tingatulutse chikalata cha katemera wa galu wathu munthu atatifunsa lero?

Tsono galu wosayenera ana timdziwa bwanji? Pano ndifuna kuchedwapo, chifukwa agalu ambiri aweruzidwa mopanda chilungamo, ndipo ena oyenera kuweruzidwa alekereredwa. Kawirikawiri galu saluma asanachenjeze, koma chenjezo lake ndi la m'thupi, ndipo mwana sadziwa kuliwerenga. Khalani pakhonde tsiku lina mupenyetsetse pamene mayi wataya nkhoko m'mbale ya galu, khanda lokwawa nililunjika komweko: galu wofatsa adzadya mofulumira, kapena adzanyamula chakudya chake napita nacho kuseri; koma wina adzaleka kutafuna, thupi lonse gwa, mutu uli pansi pamwamba pa mbale, makutu atagona kumbuyo, ubweya wa pamsana utaima, diso likuyang'ana cham'mbali mpaka choyera chake kuonekera, mlomo wam'mwamba ukukwera pang'onopang'ono, kulira kuli m'khosi. Wamkulu akaona zotere abwerera m'mbuyo. Khanda liseka ndi kutambasula dzanja. Ndipo popeza msinkhu wa mwana ulingana ndi wa galu, pamene munthu wamkulu alumidwa mwendo kapena mkono, mwana alumidwa nkhope, khosi ndi mutu.

Komabe si galu aliyense wolira m'khosi amene ayenera kuchotsedwa. Galu wamkazi amene wangobereka adzateteza ana ake kwa aliyense, ndipo ukali wake utha tianato tikayamba kuyenda. Mankhwala ake ndi kumtsekera pamalo pake ndi kuletsa ana kupitako. Galu wokalamba, wa bala kapena wa dzino lowawa, adzakwiya mwana akamkwera pamsana, ndipo cholakwa pamenepo chili kwa akulu amene anayang'ana mwana akukoka mchira ndi makutu a nyama naseka. Galu wamkota sakandira pachabe. Funsani poyamba chimene chamuputa. Amene ndinena ine ndi uyo wothamangitsa ana osamputa, wobisalira ana a sukulu panjira, wosapirira mwana pafupi ndi chakudya kapena pogona pake ngakhale ali wokhuta ndi wathanzi, woluma nagwiritsitsa osalekerera, ndi wobwereza zomwezo atalangidwa. Wotere sadzasintha chifukwa cha chikoti, pakuti kukwapula galu wolira m'khosi kungomphunzitsa kuleka kuchenjeza, ndipo tsiku lotsatira aluma ali chete.

Tivomerenso kuti ukali wa agalu ambiri tiupanga ndife. Timmanga pa unyolo waufupi padzuwa la Okutobala wopanda madzi, timpatsa gaga kamodzi pa tsiku, timbisa m'kachipinda kamdima kuti asazolowere anthu, ndipo alipo odzitama kuti amdyetsa tsabola kapena chamba kuti aope munthu aliyense ndi kumda. Tikatero tidabwa kuti sasiyanitsa mbala ndi mdzukulu. Masiku ano kwafikanso fashoni ya agalu akuluakulu achilendo, a mtundu wa boerboel ndi pit bull, ogulidwa ndi ndalama zambiri ku Lusaka ndi kusungidwa m'mipanda ya ku boma, kawirikawiri ndi anthu osadziwa kaleredwe kake. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo la agalu oopsa mu 1991. Ku South Africa, m'chaka cha 2022, ana ataphedwa ndi agalu a mtundu wa pit bull, anthu zikwizikwi anasaina pempho lakuti boma liwaletse, ndipo eni agalu ambiri anakapereka okha agalu awo ku bungwe losamalira nyama la SPCA. Sindinena kuti mtundu wokha ndiwo uluma, pakuti kagalu ka m'mudzi nako kang'amba tsaya la mwana. Koma nsagwada za galu wolemera ngati mwana wa sukulu sizipatsa mayi nthawi yothamanga kuchokera kumoto. Wonena kuti afuna galu waukali chifukwa cha mbala adziwe kuti mbala ithawa kuuwa, chifukwa kuuwa kudzutsa mudzi. Kuluma ana sikuonjezera kanthu pa ulonda.

Pali chinthu china chimene chisandutsa bala laling'ono kukhala maliro, ndicho chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO liwerengera kuti nthendayi ipha anthu pafupifupi 59,000 chaka ndi chaka, ochuluka a iwo mu Africa ndi Asia. Linenanso kuti mwa odwala 100 alionse, ofikira 99 aitenga kwa galu. Ndipo pafupifupi 40 mwa 100 ndi ana osakwana zaka 15. Kachirombo kake kayenda m'mitsempha kunka ku ubongo, kawirikawiri kwa miyezi iwiri kapena itatu munthu ali bwinobwino, ndipo bala likakhala la kumutu kapena kukhosi ulendowo ufupika. Zizindikiro zikaoneka, wodwala nayamba kuopa madzi, palibenso sing'anga wa kuchipatala kapena wa kumudzi amene angambweze. Ndiponso mwana abisa bala poopa kukwapulidwa chifukwa chosewera ndi galu. Chifukwa chake galu amene anali wofatsa, nasintha mwadzidzidzi, nayamba kuluma mitengo ndi miyala, dovu lili chuchuchu, kapena wangoti zii pangodya nsagwada italendewera, si galu wopatsa munthu wina aliyense: atsekeredwe, ndipo a zaziweto aitanidwe msanga. Mwana akalumidwa, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osati kuthirapo tsabola, mchere kapena ubweya wa galuyo, ndipo tsiku lomwelo apite naye ku chipatala, kaya ndi ku Minga, ku Nyimba, ku Petauke kapena ku chipatala chachikulu cha Kalindawalo, osadikira kuona chimene chidzachitikira galu. Galuyo asaphedwe mwaukali ndi kutayidwa m'dzenje, koma amangidwe masiku 10, akudya ndi kumwa, kuti aoneke ngati adwala. Akafa kapena akaphedwa, a zaziweto ndiwo adziwa kutumiza mutu wake kukapimidwa.

Tifike tsono pa kulekana kwenikweniko, pamene pali njira zitatu zamanyazi zimene tizizolowera. Yoyamba ndiyo kutaya. Munthu akweza galu pa ngolo kapena pa njinga, napita naye kutali, ku msewu waukulu wa Great East kapena ku msika wa ku Nyimba kumene mabasi aima ndi apaulendo agula nthochi, namsiya pomwepo, nabwerera mtima uli mbee poganiza kuti sanakhetse mwazi. Amene ayenda pamsewu umenewo awaona agalu otere: nthiti zili poyera, chingwe chodukaduka chili m'khosi, akununkhiza mwendo wa munthu aliyense wotsika m'basi. Galu amene anali woopsa ali wokhuta sakhala wofatsa ali ndi njala. Ndipo pamsika paja palinso ana, ogulitsa nthochi ndi mtedza, ana a anthu ena amene sanachenjezedwe ndi munthu. Wotaya galu sanachotse tsoka, wangolisamutsira pakhomo pa munthu wosamdziwa, ndipo galuyo akakumana ndi nkhandwe kapena galu wachiwewe, nthendayo idzabwerera kumidzi komwe anachokera.

Yachiwiri ndiyo mphatso yachinyengo: kupatsa mlamu kapena bwenzi la kutali galu "wabwino kwambiri pa ulonda," osatchula kuti analuma mdzukulu mwezi wathawu, ngakhale udziwa kuti kumene apitako kuli ana. Ichi ndichiyesa choipa koposa kutaya, pakuti chichitika ndi nkhope yosekerera, ndipo mlandu suola. Tsiku limene choonadi chidzamveka, chibale chidzatha. Yachitatu ndiyo kupha mwankhanza, kumpachika pamtengo, kumponya miyala anyamata akusekerera, kapena kumthirira mankhwala a thonje m'nsima, amene aphanso nkhuku, nkhumba ndi agalu a anansi, ndipo aika pangozi ana omwewo tinati tiwateteze. Buku la Miyambo liyesa munthu wolungama ndi mmene asamalira moyo wa chiweto chake, ndipo malamulo a dziko lino aletsa kuzunza nyama. Galu amene anakulondera nkhokwe zaka zambiri sayenera kufa imfa ya mfiti.

Njira yolungama ilipo, ngakhale ifuna khama. Ku Lusaka kuli bungwe la Lusaka Animal Welfare Society lolandira agalu ndi kuwafunira eni atsopano, koma mlimi wa kwa Kalindawalo sangakweze galu waukali m'basi ulendo wa makilomita pafupifupi 400, ndipo tisadzinamize kuti chithandizo chathu chidzachokera kumeneko. Chathu chili pafupi. Alipo anthu okhala patali ndi mudzi, osunga dimba kapena famu kumene kulibe ana, alipo achikulire okhala okha amene afuna galu wouwa usiku, ndipo kwa otere galu wosapirira phokoso la ana angathe kukhala mtumiki wabwino mpaka ukalamba wake. Koma apatsidwe poyera, pamaso pa nyakwawa kapena mboni ziwiri, mwini wake atanena zonse: analuma yani, liti, pa chifukwa chanji, adana ndi chiyani, apite atabayidwa katemera, chikalata chake chili m'manja mwa womlandira, ndipo ngati ndi wamphongo athenedwe, kuti aleke kuyendayenda ndi kubwerera kumudzi wakale. Womlandira amsunge womangidwa pamthunzi masiku oyamba, akumdyetsa ndi dzanja lake, mpaka azolowere. Ndipo ngati galuyo analuma koopsa, kapena kawirikawiri, kotero kuti palibe munthu woona mtima angamlandire atamva mbiri yake, pamenepo mwini wake alimbe mtima apite kwa dokotala wa ziweto ku boma kuti galuyo aphedwe msanga ndi mosazunzika. Ndi chinthu chowawa, ndipo sindichipeputsa. Koma kuwawa kumeneko ndi kwa mwini galu, ndipo nkoyenera kuti akusenze iye, osati mwana wa mnansi.

Za ana a pakhomo, amene adzalira galu wawo ngakhale ali yemwe anawaluma, ndingonena kuti tisawanamize kuti wasochera kapena wagwidwa ndi fisi, pakuti adzamfunafuna m'tchire, ndipo akadzamva zoona adzaleka kutikhulupirira. Mwana wolumidwa asauzidwe kuti galu wachoka chifukwa cha iye. Auzidwe kuti akulu ndiwo aweruza, ndipo aphunzitsidwe pomwepo kusayandikira galu wakudya, wogona kapena woyamwitsa, kuima chilili osathamanga galu wachilendo akamdzera, ndi kuulula bala lililonse, ngakhale kukanda kokha, popanda mantha a chikoti.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Akatswiri anena kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akabayidwa katemera, chiwewe chileka kufalikira, ndipo izi zinayesedwa kwa anansi athu: mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha. Pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lonse likumbukira nthendayi, tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene mu 1885 anapulumutsa ndi katemera wake mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi galu wachiwewe. Ndipo maiko anapangana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Ndipempha mwaulemu Mfumu Yaikulu Kalindawalo ndi mafumu onse a Ansenga kuti pamene anthu asonkhana ku mwambo wa Tuwimba, mawu amodzi anenedwe pa nkhani iyi, ndi kuti nyakwawa iliyonse idziwe agalu a m'mudzi mwake, obayidwa ndi osabayidwa, ndipo ikhale ndi mphamvu yolamula kuti galu woluma ana amangidwe mlandu usanafike pa mwazi. Ndipempha makhonsolo a Petauke ndi Nyimba pamodzi ndi a zaziweto kuti katemera afike kumidzi ya kutali, ndi kuti munthu wobwera ndi galu amene walephera kumsunga alandiridwe osanyozedwa. Ndipo inu bambo amene galu wanu waonetsa kale mano kwa mwana, mmangeni pamthunzi lero lomwe, mumpatse madzi ndi chakudya, ndipo mawa m'mawa mukaonane ndi a nyakwawa ndi a zaziweto.